Tete Kapena Joni

Tawina sanali mtsikana wodikira kuti wina amuuze pokhala. Bambo ake atamwalira ndi kolera, chaka chija matendawa anasesa anthu kuyambira ku Lunzu mpaka ku Zalewa, achibale anabwera pamaliro, anadya, anathawa. Iye anatenga makina owotcherera zitsulo amene malemuwo anasiya, anaitana mnzake Asiyatu, n'kuyamba kupanga zosambira m'manja zoponda ndi phazi. Ndowa pamwamba, mpopi, kabotolo ka sopo pambali. Ukaponda uku sopo, ukaponda uku madzi, dzanja osakhudza kanthu. Anthu a pa Lirangwe anangochitcha chopondera. Ndipo aja ankaseka kuti mwana wamkazi wagwira moto wa amuna ndi omwewo amene lero amachiponda kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti, ngakhale pogulitsira kanyenya. Manyazi alibe anthu amenewa.

Tsopano mbiri ya chopondera inali itadumpha malire a dziko, ndipo ukwati umene Tawina ankayembekezera unayamba kugwedezeka chifukwa cha mbiri yomweyo.

Loweruka masana Howard, bwenzi la Tawina, anaimika njinga yake yamoto pakhomo pa shedi yowotcherera. Anali mnyamata wa kwa a Chimenya a ku Chileka, wamtali, wofatsa mopitirira, ndipo ankagwira ntchito yoyeza katundu pa bwalo la ndege.

"Odi kuno kwa abwana a zitsulo!"

"Lowani, abwana a ndege zimene simunakwerepo," anayankha Tawina akuchotsa magalasi owotcherera kumaso.

Asiyatu anamuyang'ana kumanja. "Alamu, chimanjamanja? Ku eyapoti konseko kulibe ngakhale bisiketi yogwa pansi?"

"Ndabwera ndi mtima wanga, chemwali."

"Mtima sitimwera tiyi," anatero Asiyatu, n'kupita kuseri kuti awiriwo apume.

Howard anakhala pa ndowa yovundikira. Anasisita mawondo, ndipo Tawina anadziwiratu kuti pali nkhani.

"Za Ivy zija waganiza?"

Ivy ameneyu anakulira mu kwaya imodzi ndi Howard, kenako anapita ku Joni kumene anatsegula sitolo ya zotsukira m'nyumba. Chileka yense ankadziwa kuti mayi Chimenya, mayi ake a Howard, mpongozi amene ankamufuna anali iyeyo. Tsopano anali atabwera kudzaona kumudzi, ndipo ankafuna kutengera chopondera ku Joni. Koma panalinso mayi wina wa ku Moatize kufupi ndi Tete, mayi Felizita, amene anaona chopondera pamsika wa ku Mwanza, n'kukwera minibasi yekha kudzamufuna Tawina. Iyeyo ankati misika ndi masukulu a ku Tete akuzifuna.

"Ndaganiza," anatero Tawina. "Howard, chopondera ndi chitsulo. Wa sikelo ndiwe. Chikakwera ndege chikafika ku Joni chili chodula kuposa firiji. Nanga chopondapo chikathyoka, akachikonza ndani? Ivy ndi zikhadabo zake zija? Ku Tete ndikanyamuka m'mawa, dzuwa lisanapendeke ndafika. Kumeneko mipopi ndi yochepa ngati kuno, kolera amawavuta ngati ife, ndipo chiyankhulo chawo cha Chinyungwe ndimachimva."

"Koma mapepala a pa boda ndi a Chipwitikizi. Ukasaina chimene sukuchidziwa bwanji? Komanso Ivy akuti sufunika kutumiza zitsulo. Ungomuonetsa kapangidwe kake, akapangitsa komweko ndi pulasitiki. Ku Joni ndiye kuli ogula, Tawina, zimenezo ngakhale iwe sungatsutse."

"Sindikutsutsa. Koma ine ndikhala ndani pamenepo? Ndibereke mwana, wina akamutche dzina?"

Howard anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma.

"Chabwino. Nkhani ina ndi iyi. Amayi ndi amalume a Japhet abwera mawa akaweruka kutchalitchi. Akuti aone pakhomo panu tisanakambe tsiku la chinkhoswe."

Tawina anaika magalasi aja pansi. Anali atadikira mawu amenewa nthawi yaitali.

"Mawa? Iwe, ukundiuza lero? Abwera pa chiyani?"

Howard anayang'ana nsapato zake.

"Ivy ali ndi galimoto."

* * *

Dzuwa likulowa, Tawina akusesa pabwalo, foni inalira m'thumba. Unali uthenga wa pa Watsapu, nambala ya ku Joni.

"Asisi, ndamva kuti mukufuna ku Tete. Kukagulitsa chiyani kwa anthu osauka ngati ife tomwe?"

Tawina anatsamiritsa tsache pakhoma n'kulemba: "Osaukawo ndi amene amafa ndi kolera."

"Mawu okoma. Koma bizinesi si ulaliki. Ine ndili ndi sitolo, ndili ndi anthu a fakitale, mapepala onse ndi a Chingerezi. Inu mungokhala kunyumba n'kumasamala banja. Sindikukufunirani zoipa."

Zina mwa zimenezi zinali zoona, ndipo n'zimene zinamuwawa Tawina. Asanayankhe, wina unalowa.

"Mawa ndikuyendetsa amayi ndine. Howard akhala kutsogolo, miyendo yake ndi yaitali. Kuyambira kale sakwana kumbuyo. Kapena simudziwa?"

Tawina anawerenga, anawerenganso. Anafuna kulemba mawu amene sitingawalembe pano. Koma anangoyankha kuti, "Muyende bwino. Pa Lunzu pali maenje."

Anthu ena a ku Chileka, poti ndege zimawadutsa pamutu tsiku lililonse, amaganiza kuti nawonso anauluka.

* * *

Lamulungu m'mawa mayi ake a Tawina anadzuka ndi mantha a mkazi wamasiye amene alendo akubwera kudzamuwerenga mipando. Anakolopa, anapha nkhuku, anatsuka jagi ndi beseni mpaka zinawala.

"Tamvera, mwana iwe," anatero. "Chakudya chikapsa utenge jagi iyi, madzi ofunda. Ugwade. Uyambire amalume awo, kenako mayi ake. Kansalu kopukutira kakhale paphewa. Ndipo usawayang'ane kumaso ngati ukuwatsatsa chitsulo."

"Amayi, anthu aja amanditcha wotola zitsulo. Ndamva ndi makutu anga. Lero aone ndi maso, aponde ndi phazi lawo chimene chinamanga nyumba ino."

"Ukunena chiyani?"

Tawina anawatengera kukhonde. Apo panaima chopondera chatsopano, chosalala, chopanda ngakhale kachipsera. Anali atachipaka penti yoyera ndi yakuda, mitundu ya yunifomu ya Mvano, chifukwa mayi Chimenya anali mtsogoleri wa amayi a Mvano kumpingo kwawo. Pansi pa ndowa analembapo dzina la malemu bambo ake, monga ankachitira pa zopondera zonse.

"Ndawapangira iwowo. Akasamba, atenga n'kupita nacho kwawo. Pali mpongozi wina amene anapatsapo apongozi ake mphatso yopanga ndi manja ake ngati iyi?"

Mayi ake anagwira pakamwa.

"Tawina, munthu wamkulu sasamba yekha pakhomo pa eni. Si madzi amene akufuna. Akufuna aone mawondo ako."

"Mawondo anga adzawaona zaka zonse. Ichi achione lero."

Mayi ake anapukusa mutu, n'kukaika jagi ndi beseni kuseri kwa chitseko, osazibisa kwenikweni.

* * *

Galimoto yofiira inafika dzuwa lili pamutu. Howard anatsika kutsogolo, maso ali pansi. Kumbuyo kunatsika a Japhet ndi jekete lawo la kutchalitchi, kenako mayi Chimenya, duku loyera, nsapato zakuda zonyezimira. Ivy anathamanga kudzawagwira mkono ngati kuti mayiwo sanatsikepo galimoto chibadwire. Anali atavala chitenje mpaka m'mapazi. Ivy yemwe uja wa mabuluku othina! Asiyatu, amene anabwera kudzathandiza kuphika, anasuzumira pawindo la khitchini.

"Eee, chemwali, njoka yavala chitenje."

Malonje anayenda bwino. Amalume ake a Tawina analipo, koma maso awo anali kukhitchini kumene kunkachokera fungo la nkhuku. Mayi Chimenya anayang'ana denga la malata, simenti ya pansi, makatani. Sanapeze chonena, ndipo zinaoneka kuti kusowa chonenako kunawapweteka.

Mpunga utafika patebulo, Tawina anaima pakhomo, manja kumbuyo, chifuwa chili chodzaza.

"Amayi, amalume, tatulukani pang'ono musambe m'manja. Ndakukonzerani chinachake."

Anatuluka akuyang'anana. Tawina anachotsa nsalu imene anaphimbira.

"Mupondera apa, amayi, sopo atuluka. Kenako apa, madzi. Ndachipaka mitundu ya Mvano. N'chanu."

Mayi Chimenya anayang'ana chopondera, anayang'ana nsapato zawo, anayang'ana a Japhet.

"Achimwene," anatero mosakweza mawu, "chinthu ichi si chija chimaima pakhomo pa chimbudzi cha kumsika?"

"N'chomwecho," anayankha a Japhet.

"Ndiye yunifomu imene ndinavekedwa pamaso pa abusa yafika pa chitsulo cha kuchimbudzi. Ndipo ine, msinkhu uno, ndichoke ku Chileka kudzavina pa chitsulo ngati wodwala wa kuchipatala, mwana wamkazi ali chiimire ngati wapolisi."

"Amayi, si choncho ayi, ine ndimafuna..."

Sanamalize. Ivy anali atalowa kale m'nyumba. Maso a mkazi wofuna mwamuna wa mnzake amaona ngakhale kuseri kwa chitseko. Anatuluka ndi jagi ndi beseni, kansalu paphewa, n'kugwada pa simenti ya khonde la mayi ake a Tawina. Jagi ya eni, madzi ofunditsa eni, pakhomo pa eni!

"Sambani, amalume. Sambani, amayi. Musakhumudwe, asisiwa ntchito yawachulukira. Zapakhomo amaiwala."

"Ambuye akudalitse, mwanawe," anatero mayi Chimenya akutambasula manja. "Ku Joni konse kuja sunataye mwambo."

Tawina anamva nkhope ikuyaka kuposa pamene amawotcherera. Mayi ake anatembenukira kukhoma. Ivy anasendera ndi mawondo n'kukweza jagi kwa Howard, akumwetulira ndi maso.

Howard anayang'ana jagiyo. Anayang'ana mayi ake. Kenako anamudutsa Ivy, anapinda manja a malaya, n'kuponda chopondera. Sopo anatuluka. Anapondanso, madzi anatsika bwinobwino, osamwazika ngakhale dontho pa nsapato. Anasamba mosafulumira, chala chimodzichimodzi, ngati munthu amene akufuna mudzi wonse umuone.

"Ine ndasamba," anatero. "Tiyeni tikadye."

Kukhitchini Asiyatu analuma chitenje kuti nthungululu isatuluke.

* * *

Chakudya chinadyedwa ngati cha pamaliro, kupatula amalume ake a Tawina amene anamaliza ntchafu zonse ziwiri. Mbale zitachoka, a Japhet anatsokomola.

"Zachitikazi tiziike pambali, ndi chibwana. Koma pali nkhani imene ife akuchimuna yatisowetsa mtendere. Tamva kuti mwanayu akufuna azipita ku Tete ndi malole. Mkazi woti akulowa m'banja, azikagona pa boda pakati pa madalaivala? Kwathu zimenezo kulibe. Mwayi ulipo wabwino. Ivy ndi mwana wa pakhomo pathu. Malonda apite ku Joni kudzera mwa iye, Howard aziona za ndege, mtsikanayu akhale pansi. Akavomera zimenezi, tsiku la chinkhoswe titchula lero lomwe. Akakana, ndiye kuti tikaganizenso."

Onse anatembenukira kwa amalume ake a Tawina, poti ndiwo anayenera kuyankha. Iwo anali kalikiliki kuchotsa nyama m'mano.

"Aaa, ife tilibe mawu. Mmene mwaneneramo."

Amuna ena ubwino wawo ndi wodzaza mpando basi.

Pamenepo Tawina anadzuka pamkeka. Anayenda mpaka pamaso pa mayi Chimenya, anakonza chitenje, n'kugwada mawondo onse awiri, manja pamodzi, mutu pansi, monga mayi ake anamuphunzitsira. Mayi Chimenya anapumira m'mwamba, kuganiza kuti mtsikana wathyoka.

"Amayi, pa za madzi ndalakwa. Ndinayenera kugwada poyamba, mphatso pambuyo. Mundikhululukire. Ndikadzalowa pakhomo panu ndidzakusambitsani m'manja ndi jagi mpaka mudzatope nane."

"Wayankhula bwino."

"Koma za ku Joni ndakana."

A Japhet anatsegula pakamwa. Tawina sanadzutse mutu, koma mawu ake anamveka mpaka pamsewu.

"Bambo anga anafera m'manja mwanga, amalume, chifukwa cha matenda olowera m'manja. Dzina lawo lili pa chopondera chilichonse. Ku Joni akachipanga ndi pulasitiki, dzina lichoka, ine sindidzachionanso. Ku Tete ndikachipereka ndekha, chikathyoka ndikachikonza ndekha, ndipo amene akachiponde ndi anthu omwa madzi a mumtsinje ngati ife. Pa boda sindikagona, ndikadutsa masana, ndipo mayi amene wandiitana ndi munthu wamkulu wa banja lake. Howard ndimamukonda, Mulungu akudziwa. Koma anandipeza ndili ndi magalasi owotcherera kumaso. Sanandipeze nditakhala pansi."

"Ukuyankha akuluakulu chonchi?" anatero mayi Chimenya.

"Ndayankha nditagwada, amayi."

Mayi ake a Tawina, amene tsiku lonse anali ndi mantha, anawongola msana. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo sanapepese kwa aliyense.

Mayi Chimenya ananyamula chikwama.

"Ivy, tiye. Achimwene, tiyeni. Howard, ngati uli mwana wanga ukwera galimoto iyi."

* * *

Howard anapempha kuti atsanzike kaye. Anamukokera Tawina kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango.

"Ukanangonena kuti ndikaganiza! Mawu awiri okha, Tawina. Tikanatchula tsiku, zinazo tikanakonza pambuyo."

"Ndiwanamize lero kuti adzanditche wabodza mawa? Iwe unadziwa kuti abwera ndi nkhani imeneyi?"

"Ndinamva akunong'onezana. Sindinadziwe kuti aikamba lero."

"Ndipo unakhala kutsogolo."

"Iwe, nkhani ya mpando yalowa bwanji apa?"

"Miyendo yako ndi yaitali, eti? Kuyambira kale sukwana kumbuyo. Anakuyeza liti?"

Howard anagwira mutu. "Mayo ine! Ivy wakulembera zimenezo? Tinkakwera lole ya kwaya tili ana, basi. Tawina, ndaponda chopondera pamaso pa amayi anga. Ukudziwa zimene ndikamve kunyumba? Ukufuna ndichitenso chiyani, ndimwe sopo?"

Tawina anafuna kusunga mkwiyo, koma kuseka kunamuthawa pakamwa. Anamugwira chala chimodzi, chomwe chinkanunkhirabe sopo wake.

"Unasamba ngati dokotala."

"Ndimaopa kuyang'ana amayi."

Hutala inalira kutsogolo, yaitali, yamwano.

"Lachitatu lole inyamuka," anatero Tawina. "Mayi Felizita akandidikira pa Zobuwe, kutsidya kwa boda. Sindikukakamiza kusankha pakati pa ine ndi amayi ako. Koma ndikapita usanabwere, ndidziwa."

Hutala inaliranso. Howard anamasula chala chake pang'onopang'ono n'kupita.

Lolemba sanaimbe. Lachiwiri anangolemba kuti, "Kunyumba kwatentha." Tawina anayankha kuti, "Kunonso," n'kubwerera ku zitsulo zake. Asiyatu ankamuona akuyang'ana foni mobisa.

"Chemwali, ukaiyang'anitsitsa ibereka ana."

"Ndikuona nthawi."

"Nthawi yake yavala malaya a eyapoti?"

* * *

Lachitatu m'mawa theka la Lirangwe linasonkhana pa shedi. Zopondera zinaima mulole mizeremizere, zomangidwa ndi zingwe, zobiriwira ngati chimanga cha mu Januwale. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda kudzaona. Wina anayambitsa nyimbo, ena anavina. Mayi ake a Tawina anayenda mozungulira lole akugwira chitsulo chilichonse pamene panali dzina la mwamuna wawo.

"Bambo ako sanadutsepo Mwanza," anatero. "Lero adutsa."

Dalaivala, bambo wachikulire wa ndevu zoyera, analiza injini. Tawina anayang'ana kumsewu wa ku Lunzu. Minibasi, kabaza, ngolo. Kenako anaponda pokwerera.

"Dikira, iwe!" anakuwa Asiyatu. "Si alamu awo?"

Njinga yamoto inabwera ikuuluka, fumbi kumbuyo. Howard anatsika ali ndi yunifomu ya kuntchito, maso ofiira ngati munthu amene sanagone bwino. Anapereka moni kwa mayi ake a Tawina atagwira chipewa pachifuwa, kenako anapita kwa Tawina.

"Ndathawa kuntchito, ndibwerera pompano. Amayi sakundiyankhula. Amalume akuti asamba m'manja, nkhoswe ndikapeze wina."

"Ndiye wabwera kudzanditsanzika kapena kudzandisiya?"

"Ndabwera kudzakuuza kuti upite. Pita ku Tete, Tawina. Nkhoswe ndikapeza, ngakhale ndikafike kwa amalume aang'ono ku Kuntaja. Amayi ndilimbana nawo ndekha. Iwe ukabwere ndi lole yopanda kanthu."

Anatulutsa botolo la madzi oundana lokulunga m'nyuzipepala.

"Akuti kumeneko dzuwa limaphika dzira pamwala."

"Alamu, lero ndiye mwabwera ndi kanthu!" anakuwa Asiyatu, anthu n'kuseka.

Tawina analandira botololo. Anangomugwira dzanja pamaso pa Lirangwe yense, mayi ake ali pompo, ndipo sanachite manyazi. Howard anatsegula pakamwa ngati pali china chotsala, koma dalaivala analiza hutala.

"Tidzakamba ukabwera," anatero.

Lole inalowa mumsewu wa tala nthungululu zili m'mwamba. Tawina anakhala kutsogolo, botolo pamiyendo, msana uli chilili. Mwana wa wowotcherera zitsulo, wotola zitsulo yemwe uja, akupita kunja ndi katundu wopanga yekha, ndipo Howard akumuikira kumbuyo. Anafuna mayi Chimenya akanaima pamsewu kuti aone.

* * *

Atawoloka mlatho wa Shire pa Zalewa, apolisi a pa rodibuloko akuyang'ana mapepala a dalaivala, foni inalira. Nambala ya ku Joni. Chinali chithunzi.

Tawina anachikulitsa ndi zala. Pabwalo la simenti, kutsogolo kwa sitolo ya magalasi, panaima chopondera. Osati chofanana nacho ayi. Chake. Anachidziwa ndi chopondapo chopindika ngati khasu, mmene ankapangira chaka chatha. Chinali chimene anapatsa Howard kuti aziika pakhomo pa nyumba yake ya lendi. Pamene panali dzina la bambo ake panali popakidwa penti, ndipo pamwamba pake panalembedwa dzina la sitolo ya Ivy. Pambali pake panaima china chapulasitiki, chatsopano, chotengera chomwecho.

Pansi pa chithunzi panali mawu: "Yendani bwino ku Tete, asisi. A fakitale ayamba kale. Mufunse mwamuna wanu amene anachikweza ndege."

Tawina anasaka nambala ya Howard. Anaimba. Inaitana kamodzi kokha.

"Wafika pati, wokondedwa?"

"Howard, chopondera chimene ndinakupatsa chili kuti?"

Kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la ndege.

"Ndakufunsa."

"Tawina, tamvera. Unali mwezi watha, usanasankhe za ku Tete. Ivy anati akufuna kungoonetsa anthu, akachikonda ndidzakudabwitse ndi nkhani yabwino. Ndimafuna ndikuuze m'mawa muja, koma anthu anali ambiri, ndipo unali wosangalala..."

"Dzina la bambo anga alifufuta."

"Chiyani? Ayi, zimenezo sindikudziwa! Ndikulumbira, Tawina, ine..."

Tawina anadula. Foni inayamba kulira nthawi yomweyo, dzina la Howard likuwala. Anaitembenuza n'kuiika pansi pa mwendo.

Wapolisi anakweza chitsulo chotchinga msewu. Patsogolo pawo msewu unagawikana, wina wolunjika ku Ntcheu, wina wokhotera kumanzere ku Mwanza. Dalaivala anamuyang'ana mtsikanayo, anaona nkhope yake, n'kuchepetsa moto.

"Mwananga, kwagwa zovuta kunyumba? Ngati n'kubwerera, potembenukira ndi pano. Kutsogoloku ndi mapiri okhaokha."

Foni inkanjenjemerabe pansi pa mwendo wake. Tawina anatsitsa galasi, anatenga botolo la madzi oundana lija n'kupatsa mayi wina wogulitsa nthochi amene anaima padzuwa m'mbali mwa msewu. Kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Khotani, bambo," anatero. "Ku Tete akutidikira."